A Timoti Namwiyo ndi Inki ya Kubwalo

A Timoti Namwiyo anabadwira panjira, makolo awo akuthawa Apwitikizi. Chaka sankachidziwa bwino, ankangoti mwina 1900. Banja lawo linapatsidwa malo chakumtunda kwa Namitambo pamodzi ndi Alomwe ena, ndipo ndi komwe ine ndinawadziwira. Dzina langa ndi Robert Khuleya, mmisiri wa matabwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso anga kapena anandiuza a Timoti eni ake, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa.

Iwo anapitirira ndi sukulu mpaka Sitandade 4, kenako anakalowa ntchito ku Blantyre, kumalo osindikizira mabuku. Ntchito yawo inali yotola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumazindandalika mpaka zitakwana tsamba. Anabwerera kumudzi mu 1927 ali ndi maso ofooka, njinga yakale, ndi khalidwe limene silinawachoke mpaka imfa. Mawu alionse ankafuna kudziwa kuti wawanena ndani, ndiponso ngati munthuyo analipo kapena anangomva.

Chaka chomwecho amesenjala a boma anagwira amayi asanu ndi anayi a kwa Kadewere chifukwa amuna awo anali kuntchito ku Halale ndipo msonkho unali usanaperekedwe. Anawatsekera m'chitokosi, akumawatulutsa m'mawa kuti akasese ndi kutunga madzi kunyumba za amesenjala omwewo. Mmodzi anali ndi pakati, ndipo anapita padera ali momwemo. Zoterezi zinkachitika chaka ndi chaka. Tonse tinkazidziwa, tinkazikamba pamaliro, kenako n'kumabalalika. A Timoti anakwera njinga, anakacheza ndi amayiwo atatulutsidwa, n'kulemba masamba awiri. Anawatumiza ku nyuzipepala ina ya anthu akuda imene inkasindikizidwa ku Halale ndipo inkalandira nkhani za m'Chinyanja. Patapita milungu isanu nyuzipepalayo inafika pasitolo ku Namadzi, nkhani ili patsamba lachitatu. Wodziwa kuwerenga ankaimirira pakhonde n'kumawerengera anzake, mpaka pepalalo linatheratu ndi manja. Mesenjala wamkulu anasamutsidwa. Kugwira amayi sikunathe m'dziko, koma chaka chotsatira kwa Kadewere sanagwireko mayi ndi mmodzi yemwe.

Masiku ano munthu wotere amati mtolankhani. Ife tinkangoti a Timoti a mapepala. Sankalandira malipiro a pamwezi. Ankalima fodya ndi nandolo ndi akazi awo a Joanna ngati wina aliyense, ndipo kulemba ankalemba akaweruka kumunda.

Mu 1934 anapunthwa. Munthu wina anawauza pamsika kuti kapitawo wa pa esiteti ina wakwapula mayi wokalamba mpaka kukomoka chifukwa chokana thangata. Nkhaniyo inali yoona. Ndikudziwa chifukwa mayiyo anali mnansi wa apongozi anga. Koma mzungu wa esitetiyo atakasuma, wowauza uja anaima pamaso pa Bwana Disi n'kunena kuti chibadwire sanalankhulepo ndi a Timoti. A Timoti anakhala miyezi isanu ndi umodzi kundende ku Zomba.

Ndinapita kukawachingamira tsiku limene anatuluka. Ndinkayembekeza kuti anena kuti za mapepala basi, zatha. Iwo anati, "Achimwene, wolakwa ndine. Ndinanyamula mawu a munthu popanda chogwirira."

Kuyambira pamenepo anakhala ndi njira yawoyawo yogwirira ntchito. Munthu akawafotokozera nkhani, ankailemba pomwepo patsamba lakelake, n'kumuwerengera mokweza. Munthuyo akati apa sizili choncho, ankakonza n'kuyambiranso kuwerenga pachiyambi. Ena ankatopa nazo. Pomaliza ankatulutsa kabotolo ka mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, munthuyo n'kupaka chala chachikulu n'kudinda pansi pa mawu ake. Akatero ankamupatsa madzi ndi phulusa kuti asambe iwo akuona. Masamba a zalawo sankapita ku Halale. Ankawasunga pamalo amene ngakhale a Joanna sankawadziwa. Ku nyuzipepala kunkapita nkhani yopanda maina a mboni, ndipo kumapeto ankalemba kuti, "Zala zisanu zikuchitira umboni nkhaniyi," kapena zisanu ndi zitatu, malinga ndi mmene zinalili. Nkhani ya chala chimodzi sankatumiza, ngakhale ikhale yowawa chotani.

Aliyense wodinda ankamuuza mawu amodzimodzi: "Chala chanu chili ndi ine. Wa boma sadzachiona pokhapokha inu mutalola." Kwa zaka pafupifupi makumi awiri lonjezo limeneli silinaphwanyike. N'chifukwa chake anthu amene ankaopa ngakhale kuyang'ana mesenjala kumaso ankawatsegulira chitseko a Timoti. Pa nthawi ya nkhondo analemba za amuna amene ankagwidwa kukagwira ntchito yokakamiza, pamene amene apereka mbuzi kwa ogwirawo ankasiyidwa. Analemba za anthu amene nyumba zawo zinagwetsedwa pa maesiteti chimanga chili m'munda. Nkhani zina zinasintha zinthu, zambiri sizinasinthe kanthu, koma palibe mboni imene inazunzika chifukwa cha iwo.

Sanali munthu wosavuta kukhala naye, ndipo sindiwapaka mafuta. Anakana kulemba za msuweni wanga amene analandidwa mbuzi zinayi, chifukwa mboni yachiwiri inasintha tsiku. Msuweniyo anafa asakulankhula nawo. Analembanso za mkulu wina wa mpingo wathu womwe, amene ankatenga ana a sukulu kukapalira m'munda mwake. Tinawapempha kuti nkhaniyo ithere mumpingo. Sanamve.

Tsopano ndinene za a Chester Matope. Anali kalaliki wa bwalo la milandu la mfumu yaikulu ya dera lathu, ndipo anakwatira a Viola, mlongo wa a Timoti. Anali munthu wansangala, wovala bwino, woimba besi, ndipo pambuyo pake anakhala dikoni kutchalitchi chathu cha Baptist. Awiriwa ankanyozana ngati alamu enieni.

"Alamu, mwabweranso kudzandimangitsa?" ankatero a Chester akaona njinga ija.

"Ndabwera kudzaona ngati mlongo wanga akudya. Mimba yonse ya pakhomo pano ili pa munthu mmodzi."

"Mlongo wanuyo ndiye amandinenepetsa dala kuti ndisathe kumuthawa."

Koma akakhala awiri kuseri kwa nkhokwe, a Chester ankaulula zimene zinkachitika m'kati mwa bwalo. Izi ndikulemba chifukwa ndi zoona: kwa zaka zambiri a Chester ndiwo anali khutu la a Timoti. Pa njala ya 1949, chimanga cha boma chikufika kubwalo kuti chigawidwe, ndi iwo amene anawanong'oneza kuti matumba ena akugona kunyumba kwa nduna. A Timoti anapeza zala khumi, za onyamula matumbawo ndi za amayi amene anabwezedwa chimanjamanja. Nkhani inatuluka, ndipo boma linatumiza munthu wina kudzagawa. Alipo ana amene ali moyo lero chifukwa cha nkhani imeneyo.

Nduna imeneyo inali a Job Sakwata. Mfumu yaikulu inali itakalamba, makutu atagontha, ndipo milandu yonse ankagamula ndi a Sakwata. Sanachotsedwe paudindo. Anangodziwa kuyambira chaka chimenecho kuti m'bwalo mwawo muli munthu wotulutsa mawu.

Kenako kunabwera malamulo a malimidwe. Boma linati mizere izipingasa malo otsetsereka, pazikhala migula yotchinga madzi, mapesi azizulidwa pofika tsiku lakuti. Ena mwa malamulowo anali ndi nzeru, sindikana. Koma m'manja mwa a Sakwata anasanduka khasu lozulira anthu. Kapitawo wa malimidwe ankabwera ndi ndodo yake yoyezera n'kupeza mzere umodzi wokhota. Mwini munda ankaitanidwa kubwalo, ndipo chilango chinali kukalima sabata yathunthu m'munda wa a Sakwata. Munthu akapezeka wolakwa kachitatu ankati munda wamukanika, n'kuupereka kwa wina, ndipo winayo nthawi zonse ankakhala mphwawo kapena mkamwini wawo. Ankayambira pa ife Alomwe, poti ankati ndife obwera, ndiponso pa amayi amasiye.

Mu Ogasiti 1953 a Timoti anayamba kuyendera nkhaniyi. Dziko linali litatentha ndi nkhani ya chitaganya, ndipo aliyense wopezeka ndi pepala lachilendo ankatengedwa ngati woukira boma. Tsiku lina Lachinayi masana ndinali kwa a Timoti kukonza chitseko pamene a Chester anafika. Anatulutsa m'thumba la jekete kachitini kaphwatalala, m'kati muli kansalu konyowa ndi inki, kamene ankadinditsira anthu kubwalo. Inkiyo inali ya mtundu wa mankhwala aja amapaka pazilonda kuchipatala.

"Alamu, ndakuberani katundu wa Kwini," anatero akuseka. "Lolemba kukubwera azungu a ku Zomba kudzafufuza za minda. Mukawaonetsa mwaye wanu uja adzati nkhuku inaponda pepala. Iyi ndiye inki imene loya amailemekeza."

A Timoti anadinda chala chawo pakapepala. Timizere tonse ta chala tinaoneka ngati tojambula. Kwa munthu amene anagwirapo ntchito yosindikiza chimenecho chinali chinthu chokongola, komanso mwaye unkafufutika pakapita zaka, makamaka ndi chinyontho cha dzinja, ndipo zimenezi zinkawadetsa nkhawa.

"Imachoka?" anafunsa.

"Ndi sopo, kamodzin'kamodzi. Koma fulumirani, alamu. Pofika Loweruka zonse zikhale zitatha."

Zala za a Timoti zinkakhala ndi inki masiku onse chifukwa cholemba, choncho banga limodzi lowonjezera sanalilabadire. Lachisanu ndi Loweruka anayenda nyumba khumi ndi ziwiri mothamanga, osadikiranso kuona anthu akusamba. Aliyense anamufunsa ngati alola kuti tsamba lake lionetsedwe kwa azungu a ku Zomba okha, osati kubwalo, ndipo onse tinalola. Ndikuti tinalola chifukwa nanenso ndinadinda. Ndinali nditalimako kawiri m'munda wa a Sakwata.

Loweruka masana ndinawaperekeza kwa a Enelesi, mayi wamasiye wa ana anayi, amenenso anali atalakwitsidwa kawiri. Atadinda anayamba kupukuta chala ndi phulusa, kenako ndi mchenga. Zala za mlimi zimakhala zong'ambikang'ambika, ndipo inkiyo inali italowa m'ming'alu ndi m'mbali mwa chikhadabo.

"Abambo a mapepala, mwandikongoletsatu," anatero a Enelesi. "Ichi sichikuchoka. Mukufuna ndipeze mwamuna ndi chala?"

"Chichoka ndi sopo, mayi."

"Sopo ndimutenge kuti? Womaliza m'nyumba muno tinasambitsira maliro a bambo a anawa."

Tinaseka. A Timoti nawonso anaseka pang'ono, koma ndinawaona akuyang'ana chalacho nthawi yaitali. Anatsala ndi nyumba zitatu, ndipo anapita kunyumba zitatuzo ndi inki yomweyo. Anandiuza okha pambuyo pake kuti anadziwira pamenepo kuti china chake sichili bwino, koma ankafuna zala khumi ndi ziwiri zooneka bwino kuti azunguwo asapeze pothawira. Kulakwa kumeneko n'kwawo, ndipo sanakukane.

Tonse khumi ndi awiri tinali a mpingo umodzi. Kutchalitchi kwathu mapemphero akatha sitituluka chipwirikiti. Abusa ndi madikoni amaima pakhomo, ife timatuluka pamzere tikuimba, aliyense kugwirana chanza ndi aliyense mpaka titazungulira bwalo lonse. Lamulungu limenelo a Timoti sanabwere, anatsala kunyumba kulemba nkhani yotumiza ku Halale. A Chester, amene masiku onse ankaima kumapeto kwa madikoni, anaima koyambirira. Nditawapatsa dzanja analigwira ndi manja awiri, monga munthu wolemekeza mkulu, n'kulitembenuza pang'ono.

"Mwaswera bwanji, bambo Khuleya?"

Maso awo sanali pankhope yanga. Ndinakaima pamalo anga n'kumawayang'ana. Anachita chimodzimodzi ndi aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, uku akuimba besi osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

Pano ndiyenera kunena za ine. Ndinafika kunyumba osadya. Ndinatenga mwala wonolera tchizulo n'kupala chala changa mpaka khungu linachoka, magazi kutuluka, kenako n'kumangapo kansanza. Kwa a Enelesi ndi mtunda wosakwana theka la ola. Kwa a Timoti n'kufupi kuposa pamenepo. Sindinapite. Ndinadziuza kuti mwina ndaona molakwa, ndipo kunamizira dikoni ndi tchimo. Koma munthu wokayika sapala chala chake mpaka magazi. Ndinaopa kuti ndikayenda khomo ndi khomo ndioneka. Chifukwa chake n'chimenecho, china palibe.

Lolemba kunalibe azungu a ku Zomba. Kunabwera amesenjala anayi ndi pepala la maina, anthu asanapite kumunda. Maina anali khumi ndi awiri, osaphonya ngakhale limodzi. Amesenjalawo anatengera a Timoti kuboma. Ife anatiimika pamzere kubwalo, a Sakwata akuyenda kutsogolo kwathu.

"Tambasulani manja. Mukubisa chiyani, mwaba nkhuku?"

Atafika pa ine anaima n'kuyang'ana kansanza kaja.

"Ichi n'chiyani, amisiri?"

"Tchizulo inaterereka, bwana."

"Tsiku la Sabata? Abaptist mwayamba kugwira ntchito tsiku la Sabata?" Amesenjala anaseka. A Sakwata anamasula okha kansanzako, anaona nyama yofiira, n'kundikankhira kumbali. "Pita. Wadzilanga wekha."

Ndinapita. A Enelesi anandiyang'ana ndikudutsa.

A Sakwata analengeza kuti khumi ndi mmodzi otsalawo adinda lumbiro loukira boma. Masiku amenewo mawu okhawo anali okwanira kupititsa munthu kundende. Njira yoonetsera kuti silinali lumbiro inali imodzi yokha, kutulutsa masambawo. Anali asanabisidwe. A Joanna anawamanga m'chiuno pansi pa nsalu amesenjala akugogoda pakhomo. A Timoti, ali m'chitokosi, anatuma a Joanna kuti afunse munthu aliyense payekha ngati alola. Khumi ndi mmodzi aja analola. Lachiwiri madzulo a Joanna anafika kwa ine.

"Bambo akufunsa ngati tsamba lanu lipite nawo."

Ndinati lisapite. A Joanna sananditukwane. Anasankha tsamba langa pakati pa enawo, anandipatsa, n'kutembenuka.

Lachitatu kunabwera Bwana Disi, ndipo a Timoti anabweretsedwa kubwalo ali m'maunyolo. A Timoti anayamba kuwerenga masambawo mokweza, a Sakwata atakhala pampando wawo pomwepo. Bwanayo Chinyanja chimene ankamva chinali cha moni ndi cha kukhitchini. Anamvetsera tsamba limodzi ndi theka, anayang'ana wotchi, n'kulamula kuti mapepala onse aperekedwe kwa kalaliki wa bwalo kuti awamasulire m'Chingerezi n'kuwatumiza kuboma. A Chester anaimirira n'kuwalandira ndi manja awiri. Zimene zinafika kuboma sindikudziwa. Masambawo sanaonekenso.

Mlandu wa lumbiro unafa wokha. Koma kapitawo wa malimidwe anayamba kuyendera minda khumi ndi umodzi ija sabata ndi sabata, ndipo mwezi usanathe onse anali atalakwa kachitatu. Anauzidwa kuti achoke mvula isanagwe.

A Timoti anasungidwa kuboma milungu isanu ndi umodzi popanda kuimbidwa mlandu. Atatuluka anadzera kwa ine asanafike kwawo. Za chala changa sananene kanthu. Anangoti, "Achimwene, tiyeni mundiperekeze. Ndikufuna mboni." Tinawapeza a Chester pakhonde akupukuta nsapato. A Viola atationa analowa m'nyumba.

"Alamu, mwatuluka! Koma mwaondatu, kumeneko ankakudyetsani..."

"Ndabwera kudzalemba mawu anu, a Matope. Ndikamaliza ndikuwerengerani. Zoti kukubwera azungu a ku Zomba munazimva kwa yani?"

A Chester anaika nsapato pansi. "Khalani kaye, amayi akonze tiyi."

"Munazimva kwa yani?"

"Mukudziwa zimene a Sakwata anandiuza? Anati, 'Matope, kuyambira chaka cha njala ndikudziwa kuti pakamwa pa bwalo lino ndi iwe. Undibweretsere zala za mlamu wako, apo ayi wopita kundende ndiwe.' Ana asanu ndi awiri, alamu. Ana a mlongo wanu, aphwanu enieni. Mukanawalera inu ndi nandolo?"

"Mukanandiuza. Nkhaniyo ndikanaisiya."

"Inu? Kusiya nkhani?" A Chester anaseka, koma sikunali kuseka kwawo kwa masiku onse. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukudyetsani nkhani, moyo wanga uli pachiswe, inu mukutchuka ku Halale. Ndipo inki ndinakupatsani, inde, koma chala cha munthu sindinachigwire ine n'kuchiviika. Munaona nokha kuti sikuchoka."

A Timoti analemba zonsezo, anawerenga mokweza, n'kufunsa ngati pali cholakwika. A Chester anati palibe, koma kudinda anakana. A Timoti anapinda pepalalo. "Chomalizacho mwanena zoona," anatero, ndipo tinachoka. Pakhomopo sanapondenso, ngakhale tsiku la ukwati wa mphwawo.

Mabanja aja ananyamuka kumapeto kwa Okutobala. Ena analowera ku Phalombe, ena anakapempha malo pa maesiteti a ku Thyolo, komwe makolo awo anathawa thangata. Ine ndi a Timoti tinapita kwa a Enelesi. Anali atamanga mitolo, denga atasasula, nsichi atagawira anansi kuti zisatsalire wodzalowa m'mundamo. A Timoti anagwira mtolo wina kuti aukweze panjinga.

"Usiyeni," anatero a Enelesi. "Katundu wanga munanyamula kale."

A Timoti anausiya n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndinakulonjezani, ndipo lonjezolo ndaliphwanya ndi dzanja langa. Sindinabwere kudzapempha kuti mundikhululukire. Ndikufuna kulemba zimene zachitika, zonse, ndi zanga zomwe. Koma mukakana sindilemba."

A Enelesi anabereka mwana wamng'ono n'kumanga mbereko asanayankhe.

"Kale munkabisa maina kuti tisalandidwe minda. Lero mubisiranji? Lembani Enelesi Muhowa, lonse. Lembani kuti m'munda wa mayi anga muli mitengo ya mango isanu ndi umodzi, yayamba kale kubala, akadye bwino. Koma chala sindikupatsani." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndi awa muwalembenso. Chala chapola, amisiri?"

Chinali chitapola. 

A Timoti analemba masamba asanu ndi anayi, maina onse poyera: la a Sakwata, la a Chester, lawo, ndi langa, limene ndinalola nthawi itatha kale. Ku Halale mkonzi wa nyuzipepala anali atasintha. Watsopanoyo anayankha ndi kakalata ka mizere itatu, kuti tsopano akufuna nkhani za ulimi wamakono, maukwati ndi mpira. A Timoti anatumizanso kawiri. Sanayankhidwe.

Zitseko zimene zinkawatsegukira zinatsekeka. Anthu sanawade. Ankangoti akaona njinga, "Kuno kulibe nkhani, abambo," n'kupitiriza kupalira. Anayesa zaka ziwiri. Kenako, mu 1955, anatulutsa masamba onse a zala amene anasonkhanitsa kuyambira 1934. Ndi pamene tinadziwa kuti ankawasunga m'mtsuko womatidwa, wokwiriridwa pansi pa khola la mbuzi. Anayenda khomo ndi khomo kubwezera aliyense tsamba lake, ndipo a anthu omwalira anapereka kwa ana awo. Ankati sangathenso kulonjeza kuti ali pabwino m'manja mwawo. Ena anatentha tsamba lawo iwo akuona. Ena analibisa m'Baibulo. Zinawatengera miyezi itatu, ndipo atamaliza sanalembenso.

Anamwalira ndi chifuwa mu Juni 1957. Bokosi ndinakhoma ine. Pamaliro a Chester, monga dikoni, anaimirira n'kupemphera pemphero lalitali, ndipo anthu anati ameni. A Sakwata akadali nduna. Za a Enelesi ndinamva kuti anafika ku Phalombe ndi ana onse anayi, koma zimene zinachitika pambuyo pake sindikudziwa.

Mwa mabanja khumi ndi limodzi aja palibe limene linabwerera. Minda yawo ikulimidwa ndi abale a nduna. Ndimadutsamo popita ku Namitambo. Mizere yake ndi yokhota, migula inagumuka kalekale, ndipo kapitawo wa malimidwe sapitako.